KUCIRITSA MITSINJE: NCHITO YA BOMA NDI NCHITO YA MUDZI

M'midzi yambiri ya Cigawo ca Kum'mawa muli akuru amene akhoza kuloza khwawa la mcenga wokhawokha, nanena kuti pa ubwana wao ankasambira pomwepo m'mwezi wa October, ndi kuwedzamo nsomba. Lero timitsinje totere timasefukira masiku owerengeka m'January, madzi ace ali ofiira ndi dothi. Ndipo pofika August amai ali kufukula mcenga ndi mbale kuti apeze madzi a nsima, ndi ng'ombe ziyenda theka la tsiku kukamwa. Ena amati mvula yacepa, ndipo m'mau aowo muli zoona, pakuti cirala cabwera kawirikawiri zaka zino. Koma mlandu suli pa mvula yokha ai. Pali midzi yoyandikana, yolandira mvula imodzimodzi, kwinaku kasupe akali kutumphuka, kwinaku anaphwa kale.

Phunziro ili lifotokoza zimene zimapha mtsinje, zimene Boma la Zambia lacita pofuna kuciritsa mitsinje, ndi gawo la nchitoyi limene Boma silikhoza kuligwira popanda anthu a m'midzi.

1. MOYO WA MTSINJE

Mvula ya dziko lino imagwa miyezi 5, kuyambira November kufikira March, koma mtsinje wamoyo uyenera kuyenda miyezi 12. Nanga madzi a miyezi 7 yopanda mvula amacokera kuti? Amacokera m'nthaka. Pamene mvula igwa pa phiri lobvala mitengo, madontho ace ayamba agunda masamba, natsikira pa zinyalala ndi pa udzu, nalowa pansi pang'onopang'ono potsata mizu. Madzi amenewa ayenda mobisika masabata ndi miyezi, kufikira aturukira pa kasupe kapena m'dambo. Dambo ndilo nkhokwe ya mtsinje: limalandira m'dzinja, niligawa m'malimwe.

Koma mvula ikagwa pa nthaka yamaliseche, yopsa ndi moto ndi yopondedwa ndi ziweto, iribe nthawi yolowa pansi. Ithamanga pamwamba, nitenga dothi laconde la m'minda, nikumba zigwembe, nitsanulira zonse mumtsinje tsiku limodzi. Mcenga udzaza maiwe akuya m'mene nsomba zinkabisala, ndi m'mene madzi ankatsalira pa nyengo ya dzuwa. Cotero cigumula ca m'January ndi ludzu la m'October ndiwo ana a mai mmodzi. Madzi amene anayenera kugawika caka conse apita m'sabata limodzi.

Ndiponso palibe mtsinje umene ukhala paokha. Madzi a Lutembwe, Msandile, Lupande, Lundazi, Lukusuzi ndi Nyimba amakathera m'Luangwa. Luangwa amaturuka m'mapiri a Mafinga kumpoto, nakatsira m'Zambezi pa boma la Luangwa, limene kale linkachedwa Feira. Dothi lokokoloka m'munda wa ku Chipata likadzaza dziwe la msodzi wa kucigwa, amene mwini mundayo sanamuone ciyambire. Wokhala kumtunda agwira m'dzanja lace madzi a wokhala kunsi.

2. IMFA YA TSIKU LIMODZI

Mtsinje ukhoza kufa m'njira ziwiri, ina yamsanga, ina yapang'onopang'ono. Yamsangayo dziko lonse linaiona pa Kafue. Mtsinje umenewu uyambira pafupi ndi malire a Congo, nupyola m'dziko la migodi, nuyenda makilomita oposa 1,500 kufikira Zambezi. Anthu a m'mizinda ya Copperbelt ndi a ku Lusaka amamwa madzi ace, ndipo magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa iwo.

Pa 18 February 2025, ku Chambishi, linga la dziwe losungiramo zotsalira za mkuwa, la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia, linagumuka. Madzi a asidi osakanizika ndi zitsulo zosungunuka anatsikira mumtsinje wa Mwambashi, nalowa m'Kafue. Ofufuza oyamba anati anali malita 50 miliyoni. Ena pambuyo pace anati anaposa pamenepo kutali. Nsomba zakufa zinaoneka m'magombe kufikira makilomita 100 kunsi, cimanga ca m'mbali mwa mtsinje cinapserera, ndipo madzi a m'mipope ya mzinda wa Kitwe anatsekedwa kwa masiku.

Boma linatumiza ndege za asilikali ndi mabwato kukathira laimu m'madzimo, linaimitsa nchito ya kampaniyo, niliilamula kuti ilipire zoyeretsera mtsinje ndi kubwezera amene anataya mbeu ndi ziweto zao. Akuru a kampani anapepesa. Mu September 2025 alimi ena, poona kuti zimene analandira sizilingana ndi zimene anataya, anatengera nkhaniyi ku bwalo lalikuru la milandu ku Lusaka.

Owerenga azindikire cimene laimu akhoza kucita, ndi cimene sakhoza. Laimu amapha ukali wa asidi, monga amacitira m'munda wowawasa. Koma zitsulo zosungunukazo sazicotsa; zimangomira, nizikhala m'matope a pansi zaka zambiri, ndipo cigumula cikhoza kuzibvundulanso. Akale anati, madzi akatayika saoleka. Ndarama zoyendera dziwe ndi kulimbitsa linga lisanagumuke nzocepa pozilinganiza ndi zoyeretsera mtsinje, ndipo pano mpamene anthu ayenera kuyembekeza Boma kuti likhale maso, pakuti mlimi wamba alibe mphamvu yolowa m'mpanda wa mgodi kukayesa linga.

Anthu a Kum'mawa asanene kuti izi nza ku migodi kokha. M'maboma a Petauke, Vubwi ndi Lumezi muli anthu okumba golide, ndipo okumba ang'onoang'ono kawirikawiri amatsuka dothi mumtsinje, ena nagwiritsa nchito mankhwala ochedwa mercury, amene amalowa m'nsomba, nacokera m'nsomba kulowa m'thupi la munthu. Ndipo mlimi wotsukira mpope wopopera thonje pa dooko acita pang'ono cinthu comweco cimene mgodi unacita kwakukuru.

3. IMFA YA ZAKA ZAMBIRI

Imfa yaciwiri iribe tsiku lace, ndipo siimveka pa wailesi. Komatu ndiyo yapha timitsinje tambiri kuposa migodi. Pa kalembera wa 1969 anthu a m'Zambia anapitirira pang'ono 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2022 anali 19.6 miliyoni. Onsewa afuna munda, nkhuni, milimo ndi njerwa. Mwa ciwerengero cimene Boma lakhala likuchula, nkhalango zotha caka ndi caka ndizo mahekitala 250,000 kufikira 300,000. Ndipo hekitala imodzi iri ngati maekala awiri ndi theka.

Zimene zimadya nkhalango nzodziwika m'mudzi uli wonse: kuswa mphanje pa mapiri ndi pa magwero a mitsinje, kuocha makala ogulitsa m'mbali mwa mseu, kuocha fodya ndi njerwa, ndi moto wa m'September ndi October, umene anyamata amayatsa posaka mbewa, nupha mphukira zonse za caka cimeneco. Zimene zimadya gombe nzodziwikanso: kulima dimba kufikira pamene khasu ligwera m'madzi, kukumba ngalande zokhetsa dambo, kutapa mcenga ndi dothi la njerwa m'gombe, ndi kumwetsa ng'ombe pali ponse. Palibe mmodzi wa ocita izi amene afuna kupha mtsinje. Yense afuna cakudya ca ana ace ndi ndarama za sukulu, ndipo yense ayesa kuti mtengo wace umodzi suli kanthu.

Caka ca 2024 cinaonetsa mmene mabvutowa amabalirana. Pa 29 February caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cirala ndico tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo cimanga ca pa mahekitala ngati 1 miliyoni, mwa 2.2 miliyoni amene anabzalidwa, cinaonongeka. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika, magetsi nasowa m'mizinda maora ambiri tsiku ndi tsiku. Pamenepo a m'mizinda anafuna makala ambiri ophikira, ndipo a m'midzi, pokhala ndi nkhokwe zopanda kanthu, anatenga nkhwangwa kukaocha makalawo kuti agule ufa. Motero kusowa kwa madzi kunagwetsa mitengo, ndipo kugwa kwa mitengo kudzacepetsanso madzi. Mu April 2024 Boma linaleka kupereka zilolezo zoochera makala m'maboma a Mumbwa, Itezhi-Tezhi ndi Shibuyunji, cifukwa mitengo inali kutha msanga kumeneko.

4. MALAMULO AMENE BOMA LAIKA

Pali malamulo atatu akuru amene munthu wa m'mudzi ayenera kuwadziwa.

Loyamba ndilo Lamulo la Madzi la 2011, limene linakhazikitsa bungwe lochedwa WARMA. Lamuloli siligawa dziko potsata maboma ai, koma potsata mitsinje, m'zigawo 6: Zambezi, Kafue, Luangwa, Chambeshi, Luapula ndi Tanganyika, pakuti madzi sadziwa malire a boma. Munthu wotunga madzi akumwa, ophikira, ocapira ndi omwetsa ziweto zace zapakhomo safunika cilolezo. Koma wofuna kutseka mtsinje, kuupatutsa, kapena kupopa madzi ambiri a malonda, ayenera kupempha cilolezo, kuti a kunsi asamanidwe. Lamuloli lipatsanso Boma mphamvu yopatula malo, monga gwero la mtsinje, kuti akhale ochinjirizidwa, ndipo lilola ogwiritsa nchito mtsinje umodzi kupanga bungwe lao. Kuyambira 2018 zitsime zobowola ndi makina ziyenera kulembetsedwa, ndi ozibowola akhale ndi cilolezo. Akuru a WARMA amacenjeza kawirikawiri kuti anthu asamange kapena kulima m'kati mwa mamita 50 kucokera pa gombe. Ndiwo mapazi ngati 65 a munthu wamkuru poyenda.

Laciwiri ndilo Lamulo la Cilengedwe la 2011, limene linakhazikitsa bungwe lochedwa ZEMA. Wofuna kutsegula mgodi, fakitale, kapena munda waukuru ayenera kuyamba wafufuza ndi kulemba zimene nchito yaceyo idzacita pa madzi, nthaka ndi anthu. Ndipo anthu a kumaloko ali ndi danga lonena maganizo ao cilolezo cisanaperekedwe. Lamuloli litinso woipitsa ndiye alipire. Cifukwa cace pamene kuitanidwa msonkhano wa nchito yatsopano, anthu asaleke kupitako, ndipo asaope kufunsa kumene madzi onyansa adzatayidwa.

Lacitatu ndilo Lamulo la Nkhalango la 2015, limene lidzafotokozedwa pa mutu 6, popeza ndilo lifika pafupi kwambiri ndi mudzi.

Pamwamba pa awa, mu 2018 Boma linabvomereza ndondomeko yosunga madambo, ndipo mu 2021 linakhazikitsa Unduna woyang'anira cilengedwe ndi nkhalango. Caka ndi caka, kuyambira 1 December kufikira kutha kwa February, usodzi umatsekedwa m'madzi ambiri a dziko lino kuti nsomba ziswane. Ndipo kupha nsomba ndi mankhwala kapena ndi maukonde a udzudzu nkoletsedwa nthawi zonse. Ku Cigawo ca Kum'mawa kunagwiridwa nchito yochedwa ZIFLP, yobvomerezedwa mu 2017 ndi thandizo la World Bank, imene inaphunzitsa alimi kusunga nthaka ndi cinyontho m'minda yao yakale kuti asamaswe mphanje zatsopano, nithandiza midzi kupatula nkhalango zao.

Malamulowa ngabwino. Koma anchito a Boma oyang'anira madzi ndi nkhalango ngowerengeka, ndipo timitsinje nto sawerengeka. Mlonda wa nkhalango mmodzi, wokhala pa boma, sakhoza kudziwa amene walasa mkuyu wa pa kasupe usiku. A m'mudzimo ndiwo adziwa.

5. ZIMENE MBIRI IPHUNZITSA

Nchito yosunga nthaka ndi madzi si yacilendo Kum'mawa. M'masiku a Northern Rhodesia kampani ya North Charterland inatenga dziko lalikuru la Fort Jameson, ndiyo Chipata ya lero, ndipo Angoni, Acewa ndi Ansenga anapanikizidwa m'malo ocepa. Pothinana cotero nthaka inaguga, mitengo inatha, zigwembe zinayamba. Mu 1941 Boma la nthawiyo linagula dziko la kampaniyo, nilisamutsirako midzi ina. Linalamulanso kuti anthu aunde migula yopingasa m'minda yotsetsereka, ndipo okana analipitsidwa m'mabwalo a mafumu. Migulayo inali nzeru yoona, pakuti imaimitsa madzi kuti alowe pansi. Koma popeza inadza ndi cikakamizo, kucokera kwa iwo omwe anatenga dziko labwino, anthu anaida. Ndipo utafika ufulu mu 1964 ambiri anaileka. Lamulo limene anthu alisunga cifukwa ca mantha okha limafa tsiku limene kapitao acoka.

Phunziro lina licokera kum'mawa kwa Lusaka, kumene kuli nkhalango yochedwa Forest 27. M'menemo muli magwero a mtsinje wa Chalimbana, umene utsira m'Chongwe. Nkhalangoyi inapatulidwa mu 1957. Mu 1983 Boma linaimasula, anthu nalowamo ndi nkhwangwa, ndipo madzi a Chalimbana anayamba kucepa. Alimi ndi anthu a m'midzi ya kunsi analemba dandaulo lao, ndipo mu 1996 Pulezidenti Frederick Chiluba anaipatulanso. Koma mu 2017 ndi zaka zotsatira mbali zina za nkhalangoyi zinamasulidwanso kuti pamangidwe nyumba, ndipo anthu anapita nayo nkhaniyi ku mabwalo a milandu. Apa pakuoneka kuti dzanja limene lipatula nkhalango likhozanso kuimasula, ndi kuti Boma lomwe lisowa anthu olikumbutsa malamulo ace.

Phunziro lacitatu nla Luangwa mwini. Kunali maganizo otseka mtsinjewu pa Ndevu Gorge kuti papangidwe magetsi. Mafumu a kucigwa, mmodzi wa iwo Mfumu yaikuru Luembe ya ku Nyimba, anadandaula cifukwa ca minda, usodzi ndi nyama za anthu ao, ndipo anthu pafupifupi 200,000 a m'dziko lino ndi a kunja analemba maina ao pa kalata yopempha kuti mtsinje usatsekedwe. Mu June 2019 Boma linaimitsa maganizowo. Mau a mafumu ndi a anthu, akanenedwa pamodzi ndi mwaulemu, amamveka.

Nkhani zitatuzi zinena cinthu cimodzi. Mtsinje umasungika pamene anthu okhala m'mbali mwace auyesa wao, nadziwa cifukwa ca lamulo, nalimba mtima kulisunga iwo eni ndi kulikumbutsa akuru.

6. GAWO LA MUDZI

Mudzi uli wonse wa Acewa uli ndi umboni wakuti anthu akhoza kusunga mitengo popanda mlonda wa Boma. Umboniwo ndi msitu wa kumanda. Pozungulira ponse pangakhale poyera, koma kumanda mitengo ikali ciimire, cifukwa mudzi wonse unapangana, ndipo mwana ali yense akula alikudziwa. Cimene mudzi ucitira akufa ukhoza kucitiranso kasupe amene amwetsa amoyo.

Lamulo la Nkhalango la 2015, pamodzi ndi malangizo ace a 2018, litsegula njira yotere. Anthu a mudzi umodzi kapena midzi ingapo apangana za nkhalango imene afuna kusunga. Mfumu ya dziko ibvomereza. Ayendera malire pamodzi ndi midzi yoyandikana nao kuti pasadzakhale mkangano. Asankha komiti, nalemba malamulo ao. Ndipo apempha ku ofesi ya nkhalango ya pa boma kuti alembetsedwe. Akalandira pangano, nkhalangoyo ikhala m'manja mwao. Akhoza kufulamo uci, kuzula bowa, kutola masuku ndi matondo, kudula milimo monga mwa malamulo ao, ndi kuletsa wakunja wobwera ndi galimoto kudzaocha makala. Mudzi wanzeru udzayamba ndi phiri kapena msitu umene uli pa gwero la mtsinje wao, pakuti hekitala imodzi ya pamenepo iposa mahekitala ambiri a kwina.

Tsono pali funso lobvuta, ndilo la madimba. M'caka ca njala dimba ndilo lapulumutsa mabanja ambiri. Ndiwo zamasamba, tomato, nzimbe ndi cimanga caciwisi zagula ufa ndi kulipira sukulu. Kuuza mai wamasiye kuti asiye dimba lace osamsonyeza pena polima nkumuuza kuti agone ndi njala, ndipo lamulo lotere silidzasungika. Koma nzoonanso kuti dimba lofika m'madzi limadzidya lokha: gombe likagumuka dimba lipita nalo, ndipo dambo likaphwa madimba onse atha. Cifukwa cace nkhani iyi iyenera kukambidwa pa bwalo, mfumu ya mudzi iri pomwepo, kuti amene abweza dimba lace m'mbuyo apatsidwe malo ena, ndi kuti onse abweze pamodzi. Munthu sadzalola kusiya mizere yace ya m'gombe pamene mnansi wace akali kulima yace.

Zimene mudzi ukhoza kupangana ndi izi:

Pa gwero la mtsinje ndi pozungulira kasupe pasalimidwe, pasadulidwe mtengo, pasayatsidwe moto.

M'mbali mwa mtsinje musiyidwe lamba wa udzu, bango ndi mitengo. Pamene gombe lagumuka pabzalidwe nsenjere, nsungwi kapena vetiva, pakuti mizu yace imamanga dothi. Ndipo pambuyo pace mikuyu, katope ndi mbawa. Bulugamu asabzalidwe pa kasupe kapena m'dambo, cifukwa amamwa madzi ambiri. Malo ace ndi kumtunda.

Zitsime zothirira dimba zikumbidwe kutali ndi gombe, ndipo pasakumbidwe ngalande yokhetsa dambo.

Ng'ombe zikhale ndi pomwera pamodzi kapena pawiri, pa malo olimba, kunsi kwa potunga anthu.

Chire likafunika kutenthedwa, litenthedwe msanga, m'May kapena June, udzu usanaumitsitse. Moto wa nthawi imeneyo ngofatsa, ndipo supha mitengo yaing'ono.

M'minda yotsetsereka mizere ipingase phiri, mapesi asatenthedwe, ndipo misangu isiyidwe. Msangu umayoyola masamba ace m'dzinja, cotero suphimba cimanga, koma ucidyetsa.

Za kubzala mitengo pali cinthu cimene ambiri sacisamala. Caka ndi caka, poyamba mvula, Boma limatsegula nyengo yobzala mitengo, ndipo mbande zambiri zimagawidwa. Koma mbande yosapaliridwa ndi yosachingidwa imadyedwa ndi mbuzi, ciswe ndi moto isanathe caka. Zitsa za mitengo ya m'chire, monga mombo ndi msuku, ziri kale ndi mizu yakuya, ndipo zimaphuka zokha. Munthu akasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zolimba pa citsa, nadula zinazo, naziteteza ku moto, adzaona msitu ukubwerera msanga kuposa wa mbande, osalipira ngwee. Masukulu ndi mipingo imene iri ndi malo m'mbali mwa mtsinje ikhoza kuyamba pa malo ao omwe, kuti anthu aone ndi maso.

Ndipo pamene madzi asintha mtundu kapena pfungo, kapena nsomba zifa zambiri nthawi imodzi, anthu asadye nsombazo, asamwetse ziweto, ndipo auze mfumu ndi akuru a pa boma tsiku lomwelo, kuti mau afike ku ZEMA ndi ku WARMA madziwo asanapite.

7. MAU OTSIRIZA

Mtsinje umene unafa m'zaka 30 sudzauka m'caka cimodzi. Amene apatula gwero lero kapena adzayamba kuona kusintha patapita zaka zingapo, ndipo ena a iwo sadzamwako madzi ace. Adzamwa ndi adzukulu. Koma mikuyu imene anthu a lero akhala pa mthunzi wace inasiyidwa ndi makolo amene anali nazo nkhwangwa, naleka kuidula. Boma laika malamulo, ndipo liyenera kufunsidwa kuti liwasunge pa migodi, pa makampani ndi pa eni cuma, monga liwasunga pa mlimi wosauka. Gwero, dambo ndi gombe ziri m'manja mwa mudzi. Akale anati mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi. Ndipo nthawi yabwino yokambirana za kasupe ndi pamene akali kutumphuka.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi madzi a mumtsinje m'mwezi wa October amacokera kuti? Nanga dambo licitapo ciani?

2. Kodi laimu amene anathiridwa m'Kafue mu 2025 anakhoza kucita ciani, ndipo sanakhoze kucita ciani?

3. Cifukwa ninji anthu ambiri analeka migula utafika ufulu, ingakhale inali yothandiza?

4. Kodi mtsinje wa pafupi ndi mudzi uno uyambira kuti? Ndani alima kapena adula mitengo pamenepo? Ndi midzi iti imene imwa kunsi?

5. Akuru achule akasupe ndi maiwe amene analipo pa ubwana wao, ndipo acinyamata alembe maina ace. Ndi angati atsala?

6. Ngati mudzi upangana kubweza madimba m'mbuyo, udzathandiza bwanji amasiye ndi okalamba amene alibe malo ena?